Phunziro la Ulimi: Mbande Zobadwira M'botolo



Mawu oti "mbande za ku labotale" masiku ano sakusowanso m'makutu mwathu. Alangizi amawatchula akamanena za nthochi, ogulitsa mbande nawo amawatchula akafuna kukweza mtengo. Ambiri a ife timangogwedeza mutu, poti chinthu chochokera kwa anthu ophunzira timachita nacho manyazi kuchifunsa. Koma safunsa adadya phula. Phunziro la mwezi uno likufotokoza momwe mbande zoterezi zimapangidwira, mankhwala amene amazikulitsa, ndi zomwe zimachitika mankhwalawo akapyola muyeso. Titenga chitsanzo cha mtengo umodzi wa mafuta, chifukwa pa mtengo umenewu ndi pomwe anthu adaphunzira nkhaniyi mowawa, ataononga kale zaka ndi ndalama.

Mtengo umene tikuunena

Mtengowu ndi kanjedza wa mafuta. Anzathu olankhula Chiswahili amautcha mchikichi, ndipo mafuta ake ofiira aja amati mawese. Kwawo kwenikweni ndi kumadzulo kwa Africa, koma amene mudafikako ku Karonga mudauona, poti umamera kumpoto kwa nyanja yathu yomweyi. Mafuta ake ali m'zinthu zambiri zomwe timagula kugolosale, kuyambira mafuta ophikira mpaka sopo.

Lero mwa malita 100 alionse a mawese opangidwa padziko lonse, pafupifupi 85 amachokera ku Indonesia ndi Malaysia. Mtengowu udapita kumeneko ngati mlendo. M'chaka cha 1848 mbande zinayi zokha zidabzalidwa m'munda wa boma ku Bogor, pachilumba cha Java, ndipo munda woyamba wa malonda ku Malaysia udatsegulidwa mu 1917 ku Tennamaram, m'chigawo cha Selangor. Chomwe adaukondera n'chakuti hekitala imodzi imapereka matani atatu kapena anayi a mafuta pachaka, pamene mpendadzuwa, soya ndi mtedza kawirikawiri sizifika tani imodzi ya mafuta pamalo ofanana. Umayamba kubereka patatha zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu uli m'munda, ndipo mlimi amadya nawo zaka pafupifupi 25.

Vuto la mtengo wopanda nthambi

Ife tikaona chinangwa chabwino kwa mnansi, timapempha mitengo yake n'kukabzala, ndipo chomwe chimamera ndi chinangwa chomwecho. Mbatata timatenga kholowa, nthochi timazula mwana, mango timamezanitsa. Njira zonsezi zimatipatsa mbewu yofanana ndendende ndi make.

Mchikichi sulola chilichonse mwa izi. Uli ndi mutu umodzi wokha wokulira, pamwamba pakati pa masamba. Sutulutsa nthambi, sutulutsa ana m'tsinde. Mukadula mutuwo, mtengo wafa basi. Njira yotsala ndi nthanga, ndipo nthanga ili ngati mwana wa munthu: amatengako kwa bambo, kwinaku kwa mayi, kotero ana a mimba imodzi safanana.

Palinso china. Michikichi ilipo ya mitundu itatu potengera chigoba cha nthanga yake. Dura ili ndi chigoba chochindikala ndi mnofu wochepa. Pisifera ilibe chigoba, koma nthawi zambiri zipatso zake zimafota zisanakhwime. Tenera ili ndi chigoba chopyapyala ndi mnofu wambiri, ndiye mafuta ali pamenepo. Akatswiri a ku Yangambi, m'dziko la Congo, adalengeza mu 1941 kuti tenera ndi mwana wa dura ndi pisifera. Zili ngati chimanga cha haibulidi. Mukatola nthanga za tenera zomwe zidalandira mungu wa tenera inzake n'kuzifesa, mwa mbande zinayi ziwiri zokha zimakhala tenera, imodzi imabwerera ku dura, ina ku pisifera.

Tsono taganizani munda wa mitengo 1,000, momwe mtengo umodzi ukubereka kuposa yonse chaka ndi chaka. Mwini munda akufuna mitengo ina 10,000 yofanana ndi umenewo. Nthanga sizimupatsa, kudula sikutheka. Funso limeneli ndi lomwe lidatengera mchikichi ku labotale.

Mahomoni a zomera

M'thupi mwa chomera muli timadzi tochepa kwambiri tomwe timauza ziwalo zochita: apa pamere muzu, apa pamere tsamba, apa padikire kaye. Timadziti amati mahomoni. Sichakudya ngati feteleza ayi. Feteleza ndi njerwa zomangira, homoni ndi mawu a kapitawo.

Ntchito yawo timaiona tsiku ndi tsiku, kungoti sitiitchula dzina. Mlimi wa fodya akadula nsonga, mphukira za m'mbali zimadzuka zonse. Mtengo wa chinangwa ukabzalidwa, mizu imatuluka kumunsi, masamba kumtunda. Mbande yoikidwa pakhonde imapendekera kudzuwa. Zonsezi n'zochita za mahomoni, makamaka awiri.

Woyamba ndi auxin. Amapangidwa kunsonga ndi m'masamba anthete, n'kumatsikira kumunsi. Akamatsika amagoneka maso a m'mbali kuti asaphuke, ndipo akaunjikana kumunsi amayambitsa mizu. N'chifukwa chake kudula nsonga kumadzutsa mphukira: wozigoneka uja wachoka. Mnyamata wina wa ku Netherlands, Frits Went, ndiye adaonetsa mu 1926 kuti kunsonga kwa mbande kumachokera timadzi toterewa.

Wachiwiri ndi cytokinin. Ameneyu amapangidwa kwambiri kumizu n'kumakwera. Amachulukitsa maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi la chamoyo chilichonse, ndipo amadzutsa maso kuti aphuke. Asodzi mumve apa: cytokinin woyamba kudziwika, wotchedwa kinetin, adapezeka mu 1955 ku yunivesite ya Wisconsin ku America, ndipo Carlos Miller ndi Folke Skoog adamupeza m'zotengedwa ku umuna wa nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa herring. Pambuyo pake wina adapezeka m'njere za chimanga chanthete, ndipo madzi a kokonati nawo ali naye.

Mu 1957 anthu awiri omwewa adapeza lamulo lomwe malabotale onse amayendera mpaka lero. Adatenga kachidutswa ka mkati mwa phesi la fodya n'kukaika m'botolo. Akachulukitsa auxin kuposa cytokinin, kankatulutsa mizu. Akachulukitsa cytokinin, kankatulutsa mphukira. Akaika zonse pakatikati, kankangofufuma n'kukhala chotupa chopanda mutu kapena muzu, chomwe amati callus. Ndiye kuti cholamula si homoni mmodzi payekha, koma kulingana kwa awiriwo. Mu 1962 Skoog ndi wophunzira wake Toshio Murashige adalemba muyeso wa chakudya cha m'botolo, ndipo chimadziwika ndi zilembo za maina awo, MS.

Momwe mchikichi umachulukitsidwira

Luso lonseli pa Chingerezi amati tissue culture, kutanthauza kulera kachidutswa ka chomera m'botolo mpaka kasanduke mbande. Limatheka chifukwa selo ya chomera imasunga malangizo a chomera chonse, ngakhale ili patsamba chabe. Ntchito imayenda motere.

Choyamba ndi kusankha mayi. Kwa zaka zingapo amayeza kulemera kwa mikoko ya mtengo uliwonse ndi mafuta ake, n'kumalemba m'kaundula. Akalakwitsa posankha, achulukitsa mtengo wachabe kambirimbiri.

Chachiwiri, munthu amakwera n'kudula masamba anthete a mkati, oyera aja omwe sanatambasuke, koma amasiya mutu wokulira kuti mtengo uchire. Masambawo amawaduladula tizidutswa ngati chikhadabo, topitirira 1,000 kuchokera pa mtengo umodzi.

Chachitatu ndi ukhondo. M'botolomo muli shuga, ndiye chuku kapena bakiteriya akangolowa amakula msanga kuposa chomera n'kuchipha. Mabotolo ndi chakudya amaziphika m'poto wa nthunzi wotsekeka pa madigiri 121 kwa mphindi 15 kapena 20. Matebulo ndi zipangizo amapukuta ndi spiriti, ndipo ntchito imagwiridwa pamalo pomwe pakuomba mpweya wosefedwa.

Chachinayi ndi chakudya. Muli michere yonga ya m'feteleza, mavitamini, shuga pafupifupi magalamu 30 pa lita, ndipo nthawi zambiri amaonjezera ufa wa makala kuti uyamwe zoipa zomwe kachidutswa kovulala kamatulutsa. Kuti chakudyacho chigwirane ngati phala lozizira amathira agar. Ena angafunse ngati ameneyu ndi jeletini wa mafupa a nyama. Iyayi, agar amachokera ku ndere za m'nyanja yamchere.

Chachisanu, amathira auxin wopangidwa kufakitale, monga 2,4-D kapena NAA, n'kuika mabotolo mumdima pamalo ofunda pafupifupi madigiri 28. Patapita miyezi, tizidutswa tina timayamba kutupa m'mphepete, callus uja. Tambiri sitichita kanthu, timangoda n'kufa.

Chachisanu n'chimodzi, amachepetsa auxin kapena kumuchotseratu. Pamenepo mbali zina za chotupacho zimasanduka timiluza, tofanana ndi kamluza ka m'nthanga, kungoti topanda bambo. Apa ndi pomwe mchikichi umavutira kwambiri: mwa tizidutswa 100, tosakwana 10 ndi tomwe timafika pamenepa.

Chachisanu n'chiwiri, poti timiluza tapezeka movutikira, amatichulukitsa. Mwezi uliwonse kapena iwiri amagawa chotupacho n'kusamutsira m'mabotolo atsopano. Botolo limodzi limakhala awiri, awiri anayi, mpaka mashelefu kudzaza. Sungani gawo limeneli m'mutu, tibwererako.

Chomaliza, amaika timiluza poyera kuti titulutse masamba, kenako n'kuthira auxin pang'ono kuti mizu imere. Mbande yotuluka m'botolo ndi yofooka ngati khanda, sidziwa dzuwa kapena mphepo. Amaiika pamthunzi ndi pachinyezi kwa milungu ingapo isanapite ku nazale. Kuchokera tsiku lodula tsamba kufika pamenepa zimatenga zaka ziwiri kapena kuposa.

Muyeso wa mankhwala

Mahomoniwa amayezedwa ndi mamiligalamu pa lita. Kuti timvetse, miligalamu imodzi pa lita ndi chimodzimodzi galamu imodzi yosungunulidwa m'migolo isanu ya malita 200. Kachinthu kochepa choncho n'kokwanira kuuza tsamba kuti liiwale utsamba wake.

Tidziwenso kuti 2,4-D ameneyu ndi yemweyo amapopera m'minda ya chimanga, mpunga ndi nzimbe kuti aphe udzu wa masamba aakulu. Amaupha bwanji? Amaukulitsa mopanda dongosolo mpaka phesi kupindika, chomera n'kudzithera chokha. Mankhwala amodzi omwewo, pang'ono amabala mbande, akachuluka amapha. Choncho wina asatenge botolo la mankhwala a udzu n'kumathira pa mbande zake poganiza kuti akuzikulitsa. Aziotcha.

Zomwe zidachitika ku Malaysia

M'zaka za m'ma 1970 magulu awiri adakwanitsa kutulutsa mchikichi m'botolo: akatswiri a kampani ya Unilever ku England, ndi akatswiri a ku France omwe ankagwira ntchito limodzi ndi a ku Côte d'Ivoire. Mbande zoyamba zidabzalidwa m'munda ku Malaysia mu 1977. Zidakula bwino, zidabereka bwino. Chiyembekezo chinali chakuti mitengo yosankhidwayi iwonjezera mafuta ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100 alionse popanda kulambula nkhalango ina. Aliyense adafuna mbande zimenezi, ndipo malabotale adayamba kuchulukitsa mwachangu.

Mu 1986 katswiri wina dzina lake Corley ndi anzake adalengeza zomwe zinkaoneka m'minda ina. Mitengo inali yobiriwira, ya masamba abwino, yosadwala. Koma itafika pobereka, maluwa ake adatuluka olumala. Ziwalo zachimuna za duwa zidasanduka zonga zachikazi, n'kukula ngati minofu yokuta chipatso mozungulira, ngati chafunda chofunda. Chilemachi adachitcha mantled, kutanthauza chofunditsidwa. Pamene chinali chochepa, mtengo unkapereka mafuta ochepa, ndipo ina inkachira patapita zaka. Pamene chinali chachikulu, zipatso zinkakhala zopanda nthanga, mkoko wonse n'kuola usanapse. Mafuta osapezeka ngakhale dontho.

Tiwerengere limodzi nthawi. Zaka ziwiri m'labotale, chaka chimodzi ku nazale, zaka zitatu m'munda. Pa hekitala pamalowa mitengo pafupifupi 143, ndipo uliwonse wadya feteleza, wapaliridwa, walondedwa. Nthawi yonseyi palibe chizindikiro chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wobzala ankadziwa pa chaka chachitatu kuti walera gojo, ndipo chotsala chinali kugwetsa n'kuyambiranso. Chikhulupiriro cha anthu pa mbande za m'botolo chidagwa, malabotale ena adachepetsa ntchito, ndipo mpaka lero michikichi yambiri yobzalidwa padziko imachokerabe ku nthanga za dura ndi pisifera.

Atafufuza adapeza kuti chilemachi chinkayenderana ndi momwe mbande zidaleredwera: mtundu wa mahomoni, kuchuluka kwake, makamaka cytokinin, ndi kutalika kwa nthawi yomwe chotupa chija chidakhala chikugawidwagawidwa m'mabotolo. Ndi gawo lachisanu n'chiwiri lija. Kufuna mbande zambiri kuchokera ku chotupa chimodzi ndi komwe kudatsegula khomo. Malabotale osamala adayamba kuchepetsa mahomoni ndi kuika malire a nthawi, ndipo mitengo yolumala idachepa, ngakhale sidatheretu.

Chodabwitsa chinali chakuti akayeza DNA, malemba a chibadwa omwe ali mu selo iliyonse, mtengo wolumala unkafanana ndi make. Malemba omwewo, zipatso zosiyana. Yankho lidadza mu 2015 kuchokera kwa Meilina Ong-Abdullah ndi anzake a bungwe la Malaysian Palm Oil Board, mothandizana ndi akatswiri a ku America. Amene tidadutsa ku madrasa tilimva msanga. Zilembo za Chiarabu zili ndi tizizindikiro pamwamba ndi pansi, fatha, kasra ndi dhamma. Tikafufutika, zilembo zimakhala zomwezo, koma mwana amawerenga mawu ena. DNA nayo ili ndi tizizindikiro take tomatidwa pamwamba pa malemba. Pamalo ena, omwe adawatcha Karma, mkati mwa malangizo opangira duwa, tizizindikiroti timafufutika nthawi yomwe maselo ali m'botolo. Selo ikafika pamenepo imawerenga molakwa, duwa n'kupangidwa mokhota. Phindu la kutulukira kumeneku n'lakuti tsopano n'zotheka kuyeza tsamba la mbande ili ku nazale n'kutaya yolumala isanadye zaka za mlimi. Kuchokera 1986 kufika 2015 ndi zaka 29 anthu akusaka yankho.

Kodi uku n'kusokoneza chilengedwe?

Funsoli limabwera, ndipo n'loyenera. Tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali luso lina lotenga chibadwa cha cholengedwa china n'kuchilowetsa m'mbewu, lomwe amati GMO. Imeneyo ndi nkhani ina, ya tsiku lina. Mu tissue culture salowetsamo chibadwa chachilendo. Mbande yotulukayo ndi thupi la make lomwe, monga mtengo wa chinangwa womwe timadula n'kubzala. Kusiyana kwake n'kwakuti chodulidwacho n'chaching'ono kwambiri, ndiye chimafuna kuleredwa. Mphamvu yoti tsamba libale mtengo adaiika ndi Mlengi, munthu wangoipeza.

Pomwe tiyenera kuchenjera ndi pa malonda. Tonse tikudziwa kuti kubisa chilema cha katundu pogulitsa n'koletsedwa. Mbande ndi katundu wovuta, chifukwa chilema chake sichioneka tsiku logula. Choncho wogulitsa mbande ali ndi udindo woposa wa wogulitsa usipa, poti usipa woola umadziulula wokha. Amene muli ndi nazale, nenani zoona za komwe mbande zanu zachokera. Ngati ndi ana ozula m'munda, musawatche a ku labotale.

Zikutikhudza bwanji kuno kwathu

Sitikunena kuti aliyense abzale mchikichi. Mtengowu umafuna mvula pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka, yogwa mwezi ndi mwezi, pamene m'mbali mwa nyanja ku Mangochi mvula kawirikawiri sifika theka la pamenepo ndipo chilimwe n'chachitali. Amene muli kumpoto komwe umamera, kumbukirani nkhani ya tenera: mbande zomera zokha pansi pa mtengo wabwino sizidzafanana zonse ndi mtengowo.

Kwa ambiri a ife luso limeneli lafika kudzera mu nthochi. Matenda a chisaka, omwe adayamba kuoneka m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990, adatha minda yambiri, ndipo amafala ndi nsabwe za nthochi komanso ana ozulidwa ku mitengo yodwala. Mbande za m'botolo zochokera kwa mayi woyezedwa ndi njira yabwino yoyambiranso. Nthochi imachulukitsidwa makamaka ndi cytokinin, amene amadzutsa maso a pamutu wokulira, ndipo nayo ikagawidwa kambirimbiri m'botolo imatulutsa ina yosiyana ndi make: yaifupi modabwitsa, ya masamba opindika kapena amawanga, ya mikoko yonyozeka. Ndiye phunziro la ku Malaysia ndi lathunso. Tisunge mfundo izi.

Funsani komwe mbande zachokera. Labotale iti, mtundu wanji wa nthochi, mayi wake adayezedwa matenda kapena ayi. Wogulitsa woona sakwiya ndi mafunso otere. Mukakayika, pitani kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu musanatulutse ndalama.

Gulani pagulu ndipo sungani lisiti. Kalabu ya anthu khumi ikadandaula imamveka kuposa munthu mmodzi. Lembani tsiku lobzala ndi mzere womwe mwaika mbande za gwero lililonse, kuti vuto likadzaoneka mudzadziwe kwabwera.

Yambani ndi zochepa. Msodzi wanzeru satchera maukonde ake onse pamalo amodzi omwe sadawayesepo. Bzalani mzere umodzi kapena iwiri, muone mkoko woyamba, kenako muonjezere.

Musataye mitundu yanu yakale ngati ili yathanzi. Mbande za m'botolo za mtundu umodzi zili ngati mtengo umodzi wobzalidwa malo ambiri. Matenda omwe angagwire umodzi angathe kugwira yonse. Munda wa mitundu ingapo sugwa tsiku limodzi.

Dziwani kuti mbande yoyera si mbande yotemeredwa. Yatuluka yopanda matenda, koma ikabzalidwa pafupi ndi chitsa chodwala, nsabwe ziipatsira. Zulani ndi kuononga nthochi zonse zodwala musanabzale zatsopano, ndipo mugwirizane ndi anansi, poti nsabwe sizidziwa malire a munda.

Mukaona mbande yooneka mwachilendo pakati pa zinzake za msinkhu umodzi, ichotseni msanga ndipo musatengepo ana. Kuimvera chisoni n'kuchulukitsa chilema.

Zomwe tingachite tokha pamudzi

Labotale sitingaimange pakhomo, koma lamulo la mahomoni tingaligwiritse ntchito popanda kugula mankhwala alionse. Tengani chitsa cha nthochi yathanzi yomwe sinabereke, kuchokera m'munda wopanda chisaka. Sadzulani mizu, tsukani, ndipo musende makoko limodzilimodzi mosamala kuti maso a m'mbali aonekere osavulala. Kenako bowolani kapena kutema mtanda pakati penipeni kuti muphe mutu wokulira. Kwirirani chitsacho mu utuchi wonyowa womwe mwauphika kaye n'kuuziziritsa, m'kabokosi kokutidwa ndi pulasitiki, pamthunzi. Muzithirira pang'ono. Patapita milungu ingapo maso aja adzuka, poti auxin wa pamutu amene ankawagoneka wachoka. Mphukira zikamera mizu, zidulireni m'machubu. Chitsa chimodzi chingakupatseni mbande khumi kapena kuposa. Koma njira imeneyi sichotsa matenda. Chitsa chodwala chimabala ana odwala okhaokha, choncho kusankha mayi ndiye theka la ntchito, monga momwe ziliri ku labotale.

Mafunso okambirana pa kalabu

1. N'chifukwa chiyani mchikichi sungachulukitsidwe ngati chinangwa kapena nthochi?
2. Kachidutswa ka chomera kakapatsidwa auxin wambiri kuposa cytokinin, kamatulutsa chiyani? Nanga akasinthanitsa?
3. Ndi gawo liti la ntchito ya ku labotale lomwe lidabweretsa zipatso zolumala, ndipo n'chifukwa chiyani obzala adachedwa kuzindikira?
4. Pa mbande zomwe kalabu yathu idagula kapena kulandira chaka chatha, tikudziwa gwero la zingati?
5. Ndani m'mudzi mwathu akusungabe mitundu yakale ya nthochi yathanzi, ndipo tingaichulukitse bwanji mvula isanagwe?

Funso lachinayi ndi lachisanu musangoliyankha pakamwa. Sankhani munthu mmodzi alembe mayankho m'kope la kalabu, ndipo mlangizi akadzabwera mudzamuonetse. Allah adalitse minda yanu ndi maukonde anu.